Merlot wa ku Stellenbosch: kalawidwe kake ndi ndiwo zomuyenera

WakuBellville:
Moni nonse. Mwezi wamawa tili ndi phwando la banja kuno ku Cape Town, ndipo achimwene anga abweretsa mabotolo a vinyo wofiira olembedwa kuti Merlot, W.O. Stellenbosch, 14,5%. Ndikupempha kuti mundiunikire zimene ndiyenera kumva polawa, komanso ndiwo zomwe zingayende naye bwino, poti patebulo padzakhala nsima, nyama yootcha, nsomba ya snoek ndi tsabola wa kambuzi amene alendo athu sadya popanda iye.

Mlimi_wa_Mphesa:
Zikomo bambo. Zilembo za W.O. zikuchokera ku dongosolo la Wine of Origin lomwe South Africa idakhazikitsa mu 1973, ndipo zikutsimikiza kuti mphesa zonse zidalimidwa m'dera la Stellenbosch, pomwe dzina la merlot limaloledwa pabotolo ngati mphesa za mtunduwo zafika 85%. Kwawo kwa merlot ndi ku Bordeaux m'dziko la France, makamaka ku Pomerol ndi Saint-Émilion, kumene dothi lake ndi ladongo losunga chinyezi. Ku Stellenbosch dzuwa la February ndi loopsa, ndipo mphesa imeneyi imapsa msanga kuposa mphesa ina ya vinyo wofiira yotchedwa cabernet sauvignon, choncho shuga amakwera mofulumira ndipo vinyo amatuluka wamphamvu, monga 14,5% mwaionayo, yomwe ndi muyeso wa mphamvu ya mowa. Minda ya m'mbali mwa phiri la Helderberg imapumirako chifukwa cha mphepo ya panyanja yochokera ku False Bay.

Thirani pang'ono m'tambula, muizungulitse, kenako mununkhize musanamwe. Muyenera kumva mapulamu akupsa, ndipo ngati vinyoyo adakhala m'migolo ya mtengo wa oak, padzabweranso kafungo ka chokoleti kapena vanila. Ena amakhala ndi kafungo ka masamba a bulugama, kamene kamachokera ku mitengo yoyandikana ndi munda. Ine ndimakakonda, ngakhale alipo ambiri okadana nako. Chimene sindigwirizana nacho ndi fungo lamphamvu la tsabola wobiriwira, chifukwa limasonyeza kuti mphesa zidathyoledwa zisanakhwime mokwanira. Mukameza, nkhama zimauma pang'ono ngati mwamwa tiyi wokhalitsa m'ketulo. Ameneyo ndi tannin wochokera m'makungu ndi njere, ndipo pa merlot wabwino sayenera kukanda.

MayiWophika:
Pankhani ya ndiwo, bambo, nyama yootchayo ndiyo yoyenera, makamaka ya nkhosa, chifukwa mafuta ake amafewetsa kuuma kumene anzathu afotokozako, ndipo vinyoyo amatsuka mafutawo m'kamwa. Mchira wa ng'ombe wophikidwa pang'onopang'ono ndi anyezi ndi tomato mpaka nyama iyambe kuchoka yokha pafupa umaposanso pamenepo, ndipo mukaikamo bowa ndiye kuti mwafikapo. Nsima musaide nkhawa, poti ilibe kukoma kolimbana ndi vinyo. Chogamula ndi msuzi womwe mukusunsamo.

Kambuzi yekha ndiye vuto lenileni. Tsabola amachititsa kuti mphamvu ya mowa iotche kukhosi, ndipo kukoma kwa zipatso kuja kumatayika. Musamuphikire m'ndiwo, muikeni pambali m'kambale kuti wofuna azidzithirira. Snoek mumupezere vinyo woyera wa chenin blanc, chifukwa nsomba yamafuta ikakumana ndi vinyo wofiira imasiya kakomedwe kachitsulo palilime.

Woperekera_ku_Paarl:
Ndikugwirizana ndi amayi pa nsomba, koma pa nkhosa yootcha ndikuchenjezeko: msuzi wa shuga wambiri umene anthu amapaka panyama ili pamoto umachititsa vinyo kumveka wowawasa, choncho mchere, adyo ndi timasamba tonunkhira ta rosemary n'zokwanira. Chinanso chomwe chimaononga merlot pamaphwando ambiri ndi kutentha. Vinyoyu amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, pamene botolo lokhala pafupi ndi mbaula masana limapitirira pamenepo kwambiri, ndipo limangonunkha mowa. Liikeni m'firiji kwa mphindi 20 kapena 30, mulitsekule nyama isanapse, ndipo muzithira osapitirira theka la tambula kuti fungo lipeze malo.

WakuBellville:
Ndathokoza kwambiri nonse. Tisankha mchira wa ng'ombe ndi nkhosa yothira mchere ndi adyo, kambuzi akhala pambali, ndipo ndiwauza achimwene kuti agule mabotolo awiri a chenin blanc a odya snoek.