Atithyolera nyumba usiku wa Lachinayi, ndiyambire pati kukonza chitetezo?

Make_Tadala

Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Timakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, nyumba ya renti, ine ndi ana awiri, bambo awo ali ku Joni. Lachinayi lapitali kunagwa chimvula chija usiku wonse magetsi atazima, ndiye mukudziwa mmene malata amasokosera, sitinamve kanthu olo pang'ono. Ndadzuka cha m'ma 5 koloko kuti nditereke madzi a ana, ndangoona chitseko cha kukhitchini chili pululu, felemu yake atayitswa ndi chitsulo, loko ali chikhalire wosathyoka. Atenga TV, laputopu ya kuntchito, silinda ya gasi, matumba 2 a chimanga omwe amayi ananditumizira kuchokera ku Ntchisi, ndi chikwama changa chomwe munali foni, chiphaso cha unzika ndi khadi ya ku banki.

Katunduyo akundiwawa inde koma chomwe chikundisowetsa tulo nchakuti analowa mpaka pabalaza, pafupi penipeni ndi chipinda cha ana, matope a mapazi awo anafika pakhomo pa chipindacho. Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 akukana kugona yekha, mphepo ikangogwedeza lata akudzuka nkumalira. Kupolisi ndinapita, analemba. Funso langa ndi ili, ndalama ndili nayo yochepa ndipo nyumba si yanga, ndiyambe chani? Galu, mlonda, ma burglar bar atsopano, kapena ndingosamuka basi?

Wowotcherera_Kawale

Pepani kwambiri mayi. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ndiye zoterezi ndimaziona pafupipafupi, anthu amandiitana mmawa zitachitika kale. Mwanena nokha kuti loko sanathyoke, yathyoka ndi felemu, ndiye vuto lanu lili pomwepo. Ambirife timalimbitsa khomo la kumaso poti ndi lomwe alendo amaona, la kukhitchini nkumaikako chitseko cha matabwa opepuka, pomwe mbava imakonda kuseri komwe kuli mdima komanso neba sakuona. Yambani ndi chitseko chachitsulo chakuseriko, felemu yake ikhale ndi miyendo yolowa m'khoma nkuikwirira ndi simenti, osati yongokhomera misomali. Malo okolekapo loko awawotcherere kabokosi kachitsulo kobisa lokoyo kuti chodulira chisafikepo. Ndipo mkati muikemo mpiringidzo ngati momwe ankachitira makolo athu, chitsulo chopingasa chija, sichidula koma chimagwira kuposa maloko atatu.

Pa mazenera yang'anani mpata wa zitsulozo. Zikatalikirana amalowetsa jeki ya galimoto nkuzikanula mwakachetechete, kenako kulowetsa kamwana kuti kakatsegule mkati. Pamafunika zina zopingasa. Koma chonde chonde musadzitsekere ngati m'ndende, makiyi azikhala malo amodzi odziwika kwa ana, chifukwa moto ukabuka usiku, nanji mumaphikira gasi, zitsulo zomwezo ndi zomwe zingakupheni. Alandilodi akambirane nanu kuti ndalama ya chitsekocho muzidula pa renti, nyumbayo ndi yawo, mukasamuka chitseko chitsala.

Nachisale

Achemwali pepani, ine zinandichitikira ku Bangwe, ndikudziwa mmene thupi limazizirira ukaona mapazi a munthu wachilendo m'nyumba mwako. Choyamba siyani kaye za zitseko, mwatseketsa kale simu ndi khadi ya ku banki? Ngati simunatero pitani lero lomwe, foni masiku ano ndi chikwama cha ndalama, kaya muli pa Airtel Money kaya Mpamba. Tengani police report, ndi yomwe akakufunseni ku NRB, ofesi ya ziphaso za unzika, popangitsa chiphaso china, ndipo kuntchito kwanu aifunanso pa nkhani ya laputopuyo. Ngati bokosi la foni likadalipo pali nambala ya IMEI, nambala yapadera yozindikiritsa foni iliyonse, apatseni apolisi. Ena nonse amene mukuwerenga, imbani *#06# pa foni yanu mulembe nambalayo m'kope, pamodzi ndi ma serial number a TV ndi zina, chifukwa katundu akapezeka amafunsa umboni woti ndi wanu.

Za galu ndinene zoona, tinali naye wabwino kwambiri, anamuponyera nyama yothira temeki kutatsala masiku 2 kuti atibere, ife nkumaganiza kuti wangodwala. Sindikuti musawete, koma galu akafa mwadzidzidzi kapena akasowa dziwani kuti pali amene akukuzondani. Ndipo galu amafuna chakudya ndi katemera wa chiwewe chaka chilichonse, si ndalama yochepa.

Mwanayo musamukalipire, mulekeni agone nanu kwa masabata angapo, tochi ikhale pafupi naye. Wanga zinamutengera pafupifupi miyezi 3 kuti asiye kudzidzimuka.

Bambo_a_Mphatso

Mayi ine ndili m'komiti ya community policing kwathu kuno ku Area 36, ndiye ndikufunsani funso limodzi musakhumudwe, ma neba anu mumawadziwa mayina, manambala awo muli nawo? Chifukwa ngakhale mukanadzuka usiku umenewo mukanaimbira ndani? Mipanda yathu italiitali ija yokhala ndi mabotolo pamwamba imabisanso mbava ikangolowa, palibe akuona zomwe zikuchitika mkatimo. Ife kuno nyumba iliyonse ili ndi wenzulo, wina akaliza tonse timaliza nkutuluka limodzi, ndipo tili ndi gulu la WhatsApp la mzere wathu wokha. Timasonkha kangachepe pamwezi ka anyamata oyendera usiku, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pomwe mvula ikubisa phokoso, chimanga m'makomo chatalika komanso anthu njala yawapana. Mlonda wanuwanu ngati simungathe kumulipira bwino ndi kumupatsa pobisala mvula bola osamulemba, munthu mmodzi wanjala sangalimbane ndi anthu azikwanje. Kaonaneni ndi amfumu kapena a block leader akuuzeni ngati gulu lotere lilipo, ngati kulibe inu ndi amene mungaliyambitse poti nkhani yanu ikadali yamoto. Gulaninso nyale za sola ziwiri zoyaka zokha munthu akadutsa, imodzi kuseri kwa khitchiniko, zimenezo sizidikira magetsi.

Chinanso, anthu ayamba kukunong'onezani kuti ndi uje, ndi mnyamata wa pa geti lachitatu, ndi wantchito wanu. Dzina lililonse mulipereke kupolisi, musalitchule pagulu. Ndinaonapo ndi maso angawa mnyamata akumenyedwa mpaka kukomoka, patapita sabata katundu anapezeka kwa munthu wina. Kulanga wekha munthu ndi mlandu, ndipo magazi a munthu wosalakwa sachoka m'manja.

Mjomba_wa_ku_Mangochi

Ndingoonjezera kuti tonsefe tili ndi mbali. TV yotchipa modabwitsa yopanda lisiti yomwe munthu akukugulitsa madzulo, imeneyo yachoka pabalaza pa mayi ngati awa. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu m'malamulo athu. Ndipo Mulungu asalole, akadzabweranso inu muli maso, musatuluke kukalimbana nawo, dzitsekereni ndi ana kuchipinda muziliza wenzulo ndi kuimba foni.

Make_Tadala

Zikomo nonse, ndawerenga misozi ili m'maso. Simu ndi khadi ndinatseketsa Lachisanu lomwelo, koma za IMEI sindimadziwa, bokosi ndalipeza pansi pa bedi ndikapereka mawa. Bambo a Mphatso funso lanu landilasa, zaka 3 ndili pano neba wakumanja ndimangomudziwa nkhope, timangopatsana moni pa geti. Madzulo ano ndinagogoda kwawo, ndiye ndamva kuti iwonso anawabera mawaya ndi batire ya galimoto mwezi watha ndipo sanauze munthu aliyense, kunyumba yachitatu nakonso akuba anayesa zenera. Tagwirizana kuti Loweruka tikumane pa bwalo la a block leader. Alandilodi avomera theka la ndalama ya chitseko, zosamuka ndaziika kaye pambali. A Wowotcherera, mpiringidzo uja ungaikidwe pa khoma la njerwa zomangira dothi, kapena mpaka tiyambe tagumula pozungulira felemu nkumanganso ndi simenti?