Tebulo la hablar akulidziwa lonse, koma akatsegula pakamwa zikusokonekera

Nambewe:
Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto, mundigawireko nzeru. Ndili ndi wophunzira wa Chisipanishi, mayi wapantchito, amene akukonzekera mayeso a Chisipanishi otchedwa DELE, gawo lapakati la B1, aja amayendetsedwa ndi bungwe la ku Spain la Instituto Cervantes. Chaka chamawa akutsatira amuna ake ku Valencia, ku Spain. Timaphunzira pa foni madzulo akaweruka.

Khama ali nalo. Tebulo la mneni hablar (kulankhula) amalilakatula lonse, kuyambira hablo, hablas, habla mpaka kukafika ku hubiera hablado, osaphonya. Koma ndikangomufunsa zimene anachita dzulo, akuyankha kuti "ayer hablo con mi hermana", kenako mchemwali wakeyo n'kumupatsa hablé m'malo mwa habló. Polemba, tizizindikiro tapamwamba pa zilembo akungotisiya, moti hable ndi hablé, hablara ndi hablará, kwa iye n'chimodzimodzi. Subjuntivo, kanenedwe kosonyeza chifuniro kapena kukayika, ndiye akungoizemba, chiganizo chikafika pamenepo amachikhotetsa. Kodi ndimuwonjezere matebulo a comer (kudya) ndi vivir (kukhala) kuti azolowere, kapena ndichite chiyani?

A Jere:
Mayi Nambewe, matebulo ena ayambe adikira. Mayiyo vuto lake lili m'khutu. Waphunzira mneniyu ndi maso, ndiye hablo ndi habló akuziona ngati mawu amodzi, lina lili ndi kachizindikiro kokongoletsera. Koma munthu wa ku Spain samva zilembo, amamva phatikizo limene lagogomezedwa. Ukagogomeza ha, ndi iwe amene ukulankhula lero. Ukagogomeza blo, ndi munthu wina amene analankhula kale. Mwininkhani wasintha, nthawi yasinthanso, chonsecho zilembo n'zomwezo.

Ife zimenezi tili nazo kale m'chilankhulo chathu. Mumuuze anene kuti "ndimapita kumsika" kawiri, koyamba akutanthauza kuti amapitako masiku onse, kachiwiri akutanthauza kuti anali akupita pamene china chinachitika. Aona yekha kuti koyamba liwu lakwera pa ndi, kachiwiri lakwera pa ma. Kusiyana kwake n'kwakuti ife polemba sitiika chizindikiro chilichonse, owerenga amazindikira okha. N'chifukwa chake ophunzira athu ambiri dzanja lawo limangodumpha kachizindikiro ka Chisipanishi.

Ine ndimachita chonchi. Wophunzira atseke buku. Ndimatchula liwu limodzi lokha, canto, cantó, canté, cante, compró, compro, iye n'kuyankha m'Chichewa kuti ndani, liti. Akayamba kukhoza timasinthana, iye atchule, ine ndiyankhe zimene ndamva. Akafuna kunena habló koma ine n'kuyankha kuti "ine, panopa", amadzimva yekha pamene walakwitsa. Mphindi zisanu poyamba phunziro lililonse n'zokwana. Mumukumbutsenso kuti pa foni akakanikiza o kapena e kwa kanthawi, chilembo cha chizindikiro chija chimatuluka.

A Phiri:
Ndikugwirizana ndi a Jere. Ndiwonjezere za kulakatulako. Munthu akaloweza tebulo kuchokera pamwamba kutsika, ndiye kuti akafuna hablaron ayenera kudutsa kaye pa hablé, hablaste, habló, hablamos, hablasteis. Pa mayeso olankhula nthawi imeneyo palibe. Tembenuzani tebulolo. Sabata ino agwire munthu mmodzi yekha, yo (ine), n'kumuyendetsa m'nthawi zonse: hablo, hablé, hablaba, he hablado, hablaré, hablaría. Sabata yamawa él ndi ella (iye). Anthu awiriwa ndi amene amadzadza nkhani iliyonse imene munthu amakamba ya moyo wake.

Chinanso, mumuonetse kuti zoloweza n'zochepa kusiyana ndi mmene tebulo limaonekera, chifukwa nthawi zina zimabadwa kwa zinzake. Nthawi yamtsogolo sichotsa kanthu pa hablar, imangomata mathero: hablar-é, hablar-ás, hablar-á, hablar-emos, hablar-án. Matherowo ndi mneni haber amene akumudziwa kale mu he hablado, has hablado, ha hablado, wangotaya h. Kalekale anali mawu awiri, hablar he, kenako anamatana. Hablaría nayenso ndi hablar yemweyo ndi -ía. Ndipo mathero amenewa ndi amodzimodzi kwa comer ndi vivir, palibe zoloweza katatu.

Subjuntivo ya panopa imachokera kwa yo: hablo, chotsani o, ikani e, hable. Ya kale imachokera kwa ellos (iwo): hablaron, chotsani -ron, ikani -ra, hablara. Lamulo lachiwirili silikana mneni aliyense, ngakhale osamvera malamulo aja, tuvieron amabala tuviera, dijeron amabala dijera. Akazindikira kuti hablará ndi mwana wa hablar pamene hablara ndi mwana wa hablaron, sazisokonezanso kwambiri, chifukwa kugogomeza kwa hablara kuli pa bla, pomwe pali pa hablaron.

Za comer ndi vivir musade nazo nkhawa. Mathero awo amasiyana malo ochepa kwambiri: comemos ndi vivimos, coméis ndi vivís, ndi polamula anthu ambiri, comed ndi vivid. Kwina konse amayendera limodzi.

Nankhoma:
Ine nditenge mbali ya subjuntivo, chifukwa imandipweteka mtima ndikaona wophunzira wolankhula Chichewa akuiopa. Mabuku ambiri amene tikugwiritsa ntchito analembedwera anthu a Chingerezi, amene kanenedwe aka kanatsala pang'ono kuzimiririka m'chilankhulo chawo, ndiye amakafotokoza ngati chinthu chachilendo choopsa. Ife timakagwiritsa ntchito kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Taonani. Timati "amalankhula", koma "ndikufuna kuti alankhule". A uja wakumapeto wasanduka e. Chisipanishi: habla, koma "quiero que hable". A wasanduka e, pa chifukwa chomwecho. "Ndabwera kuti tilankhule" ndi "ndakuitana kuti ulankhule", lachiwirili ndi "para que hables". "Tiyeni tilankhule" ndi hablemos. Ndipo pamene ophunzira anga amadzidzimuka ndi polamula. Timati "lankhula", koma poletsa timati "usalankhule", osati "usalankhula". Chisipanishi: habla, koma "no hables". M'mabuku chimenechi amachilemba ngati lamulo lapadera loti uloweze. Wophunzira wathu wakhala akulitsatira kuyambira ali mwana.

Mayi Nambewe, musayambe n'kutchula dzina loti subjuntivo. Mupatseni ziganizo za Chichewa za kunyumba kwake. Ndikufuna kuti mwana aphunzire. Muuzeni adikire. Usagule nyama. Adule mzere pansi pa e aliyense, kenako mumasulire limodzi: que estudie, que espere, no compres. Dzina la galamala libwere pambuyo, chinthucho atachigwira kale m'manja.

A Phiri:
Mayi Nankhoma, njirayo ndi yabwino ndipo nanenso ndimaigwiritsa ntchito, koma ili ndi malire amene tiyenera kuwanena msanga. Choyamba, a amasanduka e kwa aneni a -ar okha. Kwa -er ndi -ir zimatembenuka: come amakhala coma, vive amakhala viva. Wophunzira amene wamanga m'mutu kuti e ndiye chizindikiro cha chifuniro adzanena "quiero que come", akuganiza kuti wakhoza. Chachiwiri, Chisipanishi chimafuna subjuntivo m'malo amene ife sitiika e. Timati "sindikuganiza kuti amalankhula Chisipanishi", iwo amati "no creo que hable". Timati "ndasangalala kuti ukugwira ntchito", iwo "me alegra que trabajes". Timati "ukafika undiimbire", e ali pa undiimbire, koma iwo amamuika pa kufikako, "cuando llegues". Pa B1 zitatu zonsezi zimafunsidwa.

Nankhoma:
Zoona a Phiri, sindikutsutsa. Ine ndimawauza kuti chimene chikufanana ndi kusintha kwa lembo lomaliza, osati e weniweniyo, ndipo comer ndimamulowetsa tsiku lomwelo kuti asazolowere molakwika. Za kukayika ndi za mmene mtima ukumvera ndimaziphunzitsa padera sabata ina, n'kunena poyera kuti apa Chichewa chatisiya. Koma wophunzira amene wayamba ndi zimene akuzidziwa amafika pamenepo mantha atatha, ndipo mayi uyu chimene chikumutsekereza panopa ndi mantha.

A Chisale:
Moni kuchokera kuno ku Tete. Ine ndimaphunzitsa Chipwitikizi kwambiri, Chisipanishi ndi cha apo ndi apo, koma pa "cuando llegues" ndili ndi mawu. Amene muli ndi ophunzira a kuno kapena a ku Angónia odziwa Chipwitikizi muchenjere nawo pamenepa. Chipwitikizi chidakali ndi subjuntivo ya mtsogolo, timati "quando eu falar". Chisipanishi chinali nayo, hablare, koma lero yangotsala m'zolemba za malamulo ndi m'miyambi yakale. Ndiye wa Chipwitikizi amanena "cuando yo hablar" mosakayika n'komwe. Ngati tebulo la mayiyo lili ndi mzere wa hablare, hablares, audule, usamudyere nthawi. Hube hablado nayenso chimodzimodzi, adzangomuona m'mabuku. Ndipo pakati pa hablara ndi hablase asankhe hablara yekha polankhula, winayo angomuzindikira akamuwerenga.

Nambewe:
Zikomo nonse, ndalemba zonse. Funso lina laling'ono. Vosotros, "inu" wa anthu ambiri uja, ndinali kumudumphitsa kuti katundu achepe. Ndipitirize?

A Jere:
Akanakhala kuti akupita ku Mexico kapena ku Colombia ndikanati dumphani, kumeneko "inu" winayo, ustedes, ndiye amagwira ntchito kwa aliyense. Koma ku Valencia adzamva habláis ndi hablad tsiku loyamba, kwa anansi, kusukulu ya ana, paliponse. Pa mayeso sangamulakwitse chifukwa cha ustedes, DELE imalandira Chisipanishi cha mayiko onse bola asasakanize. Koma pa moyo wake kumeneko akumufuna. Chimodzimodzi he hablado: ku Spain, kupatula madera ngati Galicia, Asturias ndi Canarias, chinthu chochitika lero amakonda kuchinena "hoy he hablado", pamene ku America ambiri amati "hoy hablé". Vos hablás (iwe umalankhula) wa ku Argentina ndi Uruguay yekhayo ndiye mungamusiye.

Nambewe:
Ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Zoyeserera khutu za a Jere zagwira. Poyamba ankaseka, akuti sakumva kusiyana kulikonse, koma titachita za "ndimapita" anakhala chete kaye, n'kubwereza yekha kangapo, kenako anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti kachizindikiro kaja ndi mawu?" Tsopano akalemba uthenga amabwerera kukaika tizizindikiro asanatumize. Za "usalankhule" ndi "no hables" wazigwira tsiku lomwelo, ndipo dzulo wandilembera yekha kuti "quiero que mi hijo coma bien", coma wake ali bwinobwino.

Zatsala ziwiri. Akulemba "si hablaría más, aprobaría". Ndipo wandifunsa ngati buscar ndi llegar ali m'gulu la osamvera malamulo, poti waona busqué ndi llegué.

Nankhoma:
Loyambalo likuchokera kwathu. Ife timaika -kana- mbali zonse ziwiri, "ndikanalankhula kwambiri ndikanakhoza", ndiye iye akufunanso mathero amodzi uku ndi uku. Mumuuze kuti Chisipanishi chimagawa ntchitoyo pawiri: mbali ya si (ngati) imatenga -ra, mbali ya zotsatira imatenga -ría. "Si hablara más, aprobaría." Apange ziganizo khumi za moyo wake, si ganara más, si trabajara menos, si viviera en Valencia, aziwerenga mokweza mpaka "si hablaría" ayambe kumuwawa m'khutu. Za zinthu zimene zinalephereka kale, si hubiera hablado ndi habría aprobado, zidikire kaye, zimenezo zimakula pa gawo lotsatira la B2.

A Phiri:
Buscar ndi llegar ndi omvera malamulo, asawaike m'gulu lina. Chasintha ndi kalembedwe kokha pofuna kuteteza katchulidwe. C akakumana ndi e amasiya kumveka ngati k, ndiye amalemba qu: busqué, busque. G akakumana ndi e amamveka wa kukhosi uja, ndiye amaikapo u wosatchulidwa: llegué, llegue, pagué. Z sakonda kukhala patsogolo pa e, ndiye cruzar amakhala crucé. Zimachitika paliponse pamene mathero ayamba ndi e, kutanthauza yo wa nthawi yakale ndi subjuntivo yonse ya panopa. Akakayika mneni aliyense, alowe pa dikishonale ya pa intaneti ya Real Academia Española, bungwe loyang'anira Chisipanishi, ndi yaulere, ndipo mneni aliyense ali ndi tebulo lake lonse pomwepo.

Nambewe:
Ndamva. Lachinayi tiyamba ndi si, kenako tilowe pa hablé ndi hablaba, chifukwa pofotokoza nkhani akadagwiritsabe hablé paliponse. A Jere, ngati muli ndi kankhani kafupi kamene mumaphunzitsira nthawi ziwirizi, nditumizireni lisanafike Lachitatu kuti ndikonzekere.