Jinzi ikukwana m'mahipi koma m'chiuno ikusiya mphako, ndipange bwanji?

Nachisale_Salima:
Moni nonse, ndithandizeniko pa nkhani ya majinzi. Ine ndine wamfupi, chiuno chaching'ono koma mahipi ndi mbina zilipo ndithu sindingabise. Ndikagula jinzi yokwana m'mahipi, kumbuyoku m'chiuno imasiya mphako moti ndikakwera kabaza pa Kamuzu Road ulendo wonse ndimangokhalira kukokera bulauzi pansi, ndikati nditenge yokwana m'chiuno imakakanira pa ntchafu osakweranso. Lamba ndimavala koma nsalu imangodzikundika ngati thumba la makala lomanga kukamwa. Chinanso ndi manambalawa, pa kaunjika umapeza zonse zalemba 12 koma ina ikukwana ina ikuthera m'maondo, amatanthauza chani kwenikweni? Sikine yothina miyendo ija ndatopa nayo, ndi kutentha kwa kuno Okutobala akafika munthu umachita kuvula ngati ukusenda. Nditenge sitayilo yanji?

Telala wa pa Linga:
Achemwali, vuto lanulo timalisoka tsiku ndi tsiku kuno ku Nkhotakota, si inu nokha ayi. Inu muzigula jinzi yokwana mahipi ndi ntchafu, za chiuno musiyireni telala. Kuchepetsa chiuno n'kosavuta, koma kukulitsa m'mahipi sizitheka chifukwa jinzi sasiya nsalu yotsalira mkati, tikaphatika chigamba m'mbali aliyense amaona kuti apa panadutsa telala. Mphako ikakhala yaing'ono timangotsina timadati tiwiri, kupinda nsalu pang'ono n'kusoka, kumbuyo pamwamba pa matumba. Ikakhala yaikulu, yolowa dzanja lonse, timachotsa kachingwe ka lamba ka pakati kaja, n'kusula msoko wa pakati, kudula yotsalayo, kusokanso n'kubwezera kachingweko pamwamba kuti kabise msoko. Njira yachiwiriyi ndiye yabwino koma imadya nthawi, ndiye telala akakuuzani mtengo wokwererako musamunyoze. Mumufunsenso ngati ali ndi singano yaikulu, ya nambala 16 kapena 18, ndi ulusi wokhuthala, chifukwa ena amasoka ndi singano ya chitenje, sabata isanathe msoko waphulika muli pagulu.

Za manambala, belo limodzi limasakaniza zovala za mayiko osiyanasiyana. 12 ya ku UK imafanana ndi 8 ya ku America kapena 40 ya ku Ulaya, ndiye mukapeza 12 ya ku America ndi yaikulu kuposa 12 ya ku UK. Zolemba W30 L32 ndi mainchesi, W ndi chiuno, L ndi kutalika kwa mwendo kuyambira pamphanda kutsika. Komabe ya kaunjika inavalidwapo kale, inachapidwa, ina inafota ina inatamuka, ndiye nambala musaikhulupirire kwambiri. Gulani tepi ya telala, yezani mahipi pamene pali potakata penipeni, muziyenda nayo m'chikwama. Mukafika poti mugule, yalani jinziyo pansi, yezani m'mahipi kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo, nambalayo muichulukitse kawiri basi.

Pobwera kudzadulitsa miyendo mubwere ndi nsapato zimene muzivalira jinziyo. Ambiri amabwera ndi silipasi, tikadula, Loweruka avala hili ayamba kutukwana telala kuti wafupikitsa. Paja amene anayambitsa zokhomera tizitsulo tija m'makona a matumba, Jacob Davis, anali telala ngati ine ndemwe, analembetsa nzeruyo limodzi ndi Levi Strauss mu 1873, ndiye mutilemekezeko kkkk.

Mayi wa kaunjika:
Atelala anena zoona koma tepi yawoyo ndani amayenda nayo kumsika kkkk. Ife makasitomala athu amazunguliza chiuno cha jinzi pakhosi, nsonga zikakumana kumbuyo ndiye kuti yakwana. Kwa anthu owongoka thupi zimagwiradi, koma kwa inu asisi a mbina musayese, khosi silidziwa za mahipi anu, mudzafika nayo kunyumba n'kukanira pa ntchafu pompaja. Bwerani mutavala tayiti mkati mwa chitenje muyese pompo, ndipo mukavala musangoima ngati chithunzi, khalani pansi, njutani, kwezani mwendo ngati mukukwera njinga, mukaona kuti kumbuyo sikukutsika ndiye yanu imeneyo.

Sitayilo ine ndinganene hayiwesiti, yofika pamchombo. Chiuno chanu chaching'onocho chili pamwamba, ndiye jinzi ikafika pamenepo imagwira yokha, pamene lowesiti imathera pakati pa mbina ndiye mphako ija. Miyendo tengani sitireti, yotsika mowongoka kuchokera pa bondo, kapena bootcut yotambasuka pang'ono kumunsi, imapangitsa kuti mahipi ndi kumunsi zigwirizane. Wide leg atsikana akuikonda kwambiri masiku ano ndipo mpweya umalowa bwino, koma pa munthu wamfupi ikakhala yotakata mopitirira mumangooneka nsalu yokhayokha ikuyenda, ndiye mukaifuna ikhale hayiwesiti, bulauzi mupisire mkati, kutalika ikhale yongotsala pang'ono kukhudza pansi. Yopinda kumunsi ija isiyeni, imadula miyendo mumaoneka wamfupi kuposa mmene mulili.

Muziyang'ananso matumba akumbuyo, anthu saganizako zimenezi. Timatumba ting'onoting'ono totalikirana timakulitsa mbina, matumba aakulu oyandikana amaichepetsa, otsika kwambiri amaigwetsa. Musankhe nokha chimene mukufuna anthu aone, ine sindiweruza kkkk.

Za kutentha werengani kalebulo ka mkati. Ikalemba cotton 98% elastane 2% ndi bho, ndi thonje imeneyo, imapuma komanso imatamuka pang'ono m'mahipi. Ya polyester wambiri ndi imene imakuphikani ija. Ndipo ya kaunjika yotamuka muziikweza padzuwa muone pakati pa ntchafu, kuwala kukamadutsa yatha kale imeneyo, mukaona timakwinya ngati mafunde m'maondo kapena kumbuyo ndiye kuti lasitiki wake anafa, ngakhale mwini belo akutsitsireni mtengo musatenge. Tsiku lotsegula belo muzilawirira, zabwino zimatha m'mawa.

Chimwene_wa_ku_Chipoka:
Koma azimayi inu mukuvutikiranji ndi zonsezi, chitenje sichisiya mphako, chimakwana aliyense. Amayi athu sanavalepo jinzi koma ankatchena bwinobwino.

Anaphiri a ku Senga Bay:
Mwana wanga wa ku Chipoka, amayi akowo sikuti ankakana jinzi mwa kufuna kwawo, linali lamulo. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ngakhale azungu obwera kudzacheza m'dziko muno ankachita kumangira chitenje akamayenda m'tauni. Linachoka nthawi ya matipate itafika. Ndipo mu 2012 mavenda ena ku Lilongwe atayamba kuvula azimayi ovala mathalauza, azimayi anachita zionetsero ku Blantyre mpaka akuluakulu a boma anadzudzula khalidwelo. Ndiye mnzathuyu wafunsa za sayizi, mumuyankhe za sayizi. Chitenje tonse tili nacho m'chikwama, pamaliro kapena kwa apongozi timamangira pamwamba pa jinzi yomweyo popanda wotiuza.

Iwe Nachisale, ine ndi thupi langa lachikulireli, mimba yakubala ana ilipo, ndimavala yakuda bii kapena yabuluu woderako, yopanda zong'ambang'amba zija, hayiwesiti imagwira mimba bwino. Zoyera pa ntchafu zija zimakulitsa pamene payerapo. Koma ngati umakonda zowala vala, thupi ndi lako. Langizo langa ndi la kuchapa. Uzitembenuza kunja kukhale mkati, madzi ozizira, sopo pang'ono, osaimenyetsa pamwala kunyanja ngati bulangete, ndipo uziyanika pamthunzi chifukwa dzuwa la Salima limadya mtundu komanso limapha lasitiki. Yatsopano yabuluu uzichapa payokha, imasuluka, ikhoza kukuonongera bulauzi yoyera.

Kabaza_Boy:
Pepani ndilowerereko ngakhale funso ndi la asisi. Ine ntchafu ndi akatumba ndi zazikulu chifukwa chopalasa tsiku lonse koma chiuno ndi 30, jinzi iliyonse imang'ambika pamphanda miyezi isanapite patali. Atelala nditani?

Telala wa pa Linga:
Achimwene, vuto lanu ndi lomwelo la achemwaliwa, mwangosiyana kuti inu chishalo chikukhula nsalu tsiku lonse. Siyani slim fit, tengani 32 kapena 33 ya sitireti yomasuka m'ntchafu, chiuno tidzabweza. Ikhale yansalu yolimba ya thonje, yotamuka kwambiri ija pa njinga siichedwa kutha. Ndipo musadikire kuti iboke, mukangoigula pitani nayo kwa telala aike chigamba cha jinzi yakale mkati pamphanda, asoke mizere yambiri ndi ulusi wofanana mtundu, kunja sizioneka. Mwendo wa kumanja muzipinda kapena kumanga ndi kalabala popalasa, tcheni chimadya kumunsi ndipo girisi pa jinzi sachoka msanga.

Nachisale_Salima:
Zikomo nonse, ndayamba ndi zimene ndili nazo kale, zokwana m'mahipi zija ndikapereka kwa telala Loweruka abweze chiuno ndione kaye mmene zitulukire. Amayi a kaunjika, belo la majinzi mumatsegula tsiku lanji? Mundisungireko sitireti yakuda ya hayiwesiti, tepi ndibwera nayo ngakhale mundiseke.