Mlatho wakwathu ndi mitengo ya mapuloti

Mlembi: Abale a gulu lathu kuno ku Joni, zamveka kuti khonsolo imanganso mlatho wakwathu uja unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tsidya lija mapuloti akwera kale. Ndalama ya gulu tigulire malo a nyumba za lendi, kapena tipitirize za mjigo?

Bambo a ku Yeoville: Tisathamange, mphekesera si bajeti. Ntchito yotere imayambira ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), kupita ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera), kenako khonsolo nkuivomereza, ndipo chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Wina akaone ngati mlathowo unalembedwadi. Komanso mlatho pawokha sukweza mitengo ya nyumba. Msewu akangoupala ndi giledala osakumba ngalande, osaika makalavati, mvula yoyamba imachotsa gelevulo yense, minibasi nkusiya kufika. Aphunzitsi ndi anamwino, omwe amalipira lendi mwezi ndi mwezi, amafunsa zitatu: mpopi, mita ya ESCOM, ndi mtunda wokafika kuchipatala. Kuno ku Joni mukuziona, mdadada umene mipopi imauma kawirikawiri ndipo zinyalala sizitoledwa, mitengo ya nyumba imagwa.

Mayi a ku Turffontein: Tisanakambe zogula, ndalama ya simenti ija ili kuti?

Msungichuma: Mayi, malisiti ndinatumiza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti inakwera tisanagule, matumba nkuchepa.

Mayi a ku Turffontein: Ndalamayo inali m'marandi, achimwene. Kwacha ikagwa, randi imasinthitsa makwacha ambiri. Fotokozani bwino.

Bambo a ku Yeoville: Zimenezo tikambe Lamlungu. Ine ndikuti mjigo, chifukwa madzi ndiwo angakweze mitengo ya malo a m'mudzi monse, osati a tsidya lokha. Koma aboole mu Okutobala madzi ali pansi, chifukwa wobooledwa m'dzinja umauma chilimwe. Pampu ya mjigo ya mtundu wa Afridev imakoka bwino mpaka mamita 45. Mjigowo utalikirane ndi zimbudzi mamita 30 kapena kuposa. Pakhale komiti yotolera ndalama ya marabala a m'pampu, poti amatha msanga. Ndipo malo amene akukwerawo ndi a mafumu: popanda umboni wa amfumu ndi banja lonse, mawa mphwake wa wogulitsa adzatithamangitsa.

Achimwene a ku Tembisa: Bambo, amene akugulitsa tsidya lija si alamu anu? Nanga mukutiletseranji?

Bambo a ku Yeoville: Ndi alamu angadi, nchifukwa chake ndikuti tidikire pepala la khonsolo.

Mayi a ku Turffontein: Ine sindisonkhanso mpaka za simenti zimveke.