Za chigumu cha Khirisimasi chija

Abale ndabweranso. Paja ndinafunsa ngati chigumu chingatheke ndi cornmeal ya kuno ku Leeds ku England poti mgaiwa sindinaupeze, ndimafuna ndipatseko maneba pa Khirisimasi. Chatheka! Koma choyamba chinauma gwa ngati njerwa, ndinaika uvuni pa 200 nkuyiwala ndili pa foni. Chachiwiri ndinamvera mayi ena amene anati nthochi zipse mpaka makoko kuda, ndinakanya zinayi, buttermilk m'malo mwa chambiko, soda theka la kasipuni, uvuni pa 180 mphindi 40 basi. Kafungo nyumba yonse, kunja kutada kale 4 koloko, kuzizira kosati masewera. Agogo a khomo loyandikana abweza mbale yanga muli ma mince pie (timakeke ta Khirisimasi tokhala ndi zipatso zouma mkati), akuti chaka chamawa ndiwapangire chachikulu.