Majekete a satini aja, tsopano apeteka

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene majekete a satini a kwaya ya ku Bembeke amachitira makwinya kuzungulira zilembo ndikawapeta pa makina. Amene munati vuto ndi pepala loika kunsi, munalasa. Lija long'amba ndi manja silimagwira nsalu yoterera chonchi. Ndinagula stabilizer (ndilo dzina la pepalali) yochita kudula ndi sizasi ku Lilongwe, popeza kuno ku Dedza sindinaipeze, ndipo makwinya anachepa pomwepo.

Chovuta kwambiri chinali lainingi. Ukakanikiza jekete lonse mu felemu (mikombero iwiri yopanira nsalu popeta), satini amatsetsereka payekha, lainingi payekha, chilembo n'kupendekera. Panopa ndimasomola msoko wa lainingi kumunsi, ndipete nsalu ya pamwamba yokha, kenaka n'kutsekanso. Imadya nthawi, inde, koma mkati mumaoneka mwaukhondo ndipo ulusi sukanda pamsana.

Felemu yamkati ndinaikulunga ndi kansalu kakotoni kuti igwire popanda kumangitsa kwambiri, chifukwa ukamangitsa imasiya mkombero wonyezimira wovuta kuchotsa. Nsalu igone bwino, osaikoka ngati chikopa cha ng'oma. Singano ndi yatsopano, ya saizi 75/11, yosongoka. Yobuntha imakoka ulusi wa satini n'kusiya mzere. Liwiro la makina ndatsitsanso.

Mayi amene munati ndiyambe ndasita, zikomo, koma simbi ya makala ayi ndithu. Satini wathuyu ndi poliyesitala, amasungunuka. Ndimasita kunsi, moto wochepa, nditayala kansalu pamwamba.

Majekete amene atsala ndi a ana, omwe msana wake ndi wochepa kwa felemu yanga.