Mbatata ya ku Angónia: ogula a mumzinda ndiwapeze bwanji pa intaneti?

Wofunsa, Ulónguè:
Zikomo akuluakulu a pagulu pano. Ndimapikula mbatata ya kachewere ndi nyemba kwa alimi a kuno ku Angónia ndi Tsangano, n'kumagulitsa pa matumba. Ndikufuna ogula a mumzinda wa Tete, Moatize, mwinanso Beira. Tsamba la Facebook ndili nalo, anthu amadina like koma woimba foni palibe. Ena akuti ndiyambe ndaona pa Google Trends zomwe anthu akufufuza, ena akuti ndilipire kuti positi ifike patali. Ndiyambire pati kuti ndalama zisangolowa m'madzi?

Yankho, Tete:
Amayi, Google Trends ndi yaulere, koma muidziwe kaye. Manambala ake a 0 mpaka 100 si chiwerengero cha anthu. 100 ndi nthawi imene mawuwo anafufuzidwa kwambiri, zina zonse zikuyerekezedwa ndi pamenepo. Sankhani dziko lonse la Mozambique, nthawi ya zaka 5, ndipo mutha kuika mawu mpaka 5 pamodzi kuti muone olimba. Mukatsikira ku chigawo cha Tete chokha, kawirikawiri imanena kuti zomwe ili nazo n'zosakwanira. Musakhumudwe nazo. Wopikula mbatata safufuza pa Google, amafunsa pa WhatsApp ndi m'magulu a malonda a pa Facebook. Chomwe Trends ingakupatseni ndi miyezi imene chidwi chimakwera, basi.

Vuto lenileni mwina ndi chinenero. Wogula wa ku Beira salemba “kachewere”, amalemba “batata reno”, “feijão manteiga”, “preço”, “saco”. Lembani “batata reno” m'bokosi lofufuzira la Facebook ndi la Google, muone mawu amene akudzimalizitsa okha, ndi amenewo muziika pamzere woyamba. Chipwitikizi pamwamba, Chichewa pansi.

Yankho, Moatize:
Ndaliona tsamba lanu achemwali. Zithunzi n'zokongola koma mtengo mulibe, mwangolemba kuti abwere ku inbox. Wamalonda amene ali ndi galimoto yoti adzaze alibe nthawi yofunsa zimenezo, amadumpha. Positi iliyonse ikhale ndi mtundu wa mbatata, kulemera kwa thumba, mtengo wake mu meticais, matumba ochepetsetsa amene mumatumiza, pokwezera katundu ndi tsiku lomwe galimoto ikunyamuka.

Chithunzi chikhale cha thumba lili pa sikelo, manambala akuoneka, ndi china cha mbatata zitatu zili m'dzanja kuti munthu aone kukula kwake. Jambulani m'mawa panja, osati m'nyumba yosungira katundu. Vidiyo isapitirire masekondi 20, anthu amasunga mamega awo. Pansi pake ikani linki ya wa.me/258 motsatizana ndi nambala yanu, popanda chizindikiro cha + kapena mipata. Munthu akadina amagwera pa WhatsApp yanu osavutika kusunga nambala.

Yankho, Zóbuè:
Za kulipirazo, musathamangire batani la Facebook lolipirira positi lija. Konzani kaye zimene anenazi, chifukwa kulipirira positi yopanda mtengo ndi kuthira feteleza m'munda wosadzala. Mukadzafika polipira, pa cholinga sankhani mauthenga a pa WhatsApp. Mukasankha zoti anthu achite chidwi ndi positi, Facebook imakapeza anthu okonda kudina like, omwe muli nawo kalewo.

Malo ndiye ambiri amalakwitsa. Foni imakonda kuika bwalo la pamapu, losonyeza komwe malonda aoneke, pomwe inu muli, ndiye malonda amaonedwa ndi anthu a ku Ulónguè amene mbatata ali nayo kumunda, ena ndi a ku Dedza tsidya la malire. Bwalolo limathera pa makilomita 80, silingafike mumzinda wa Tete. Chotsani Ulónguè, ikani pakati pa mzinda wa Tete ndi bwalo la makilomita 25, Moatize alowa momwemo. Beira mumuikire malonda akeake kuti muone kumene kukuyankha. Pamafunika khadi la kubanki lolola kulipira pa intaneti. Ikani ndalama yochepa patsiku, musiye masiku 7 osasinthasintha, chifukwa mukamasintha tsiku lililonse makina a Facebook amayambiranso kuphunzira. Pomaliza gawani ndalama mwalipirazo ndi chiwerengero cha anthu amene anagula. Ikaposa phindu lomwe mumapeza pa wogula mmodzi, imitsani.

Yankho, Furancungo:
Ine ndikuona kuti kulipira sikofunika chaka choyamba. Ikani WhatsApp Business, muike katundu ndi mitengo m'katalogi, ogula muwagawe ndi zizindikiro: ofunsa, olipira, odikira katundu. Mitengo ikasintha tumizani pa broadcast, uthenga umodzi wopita kwa anthu ambiri, aliyense payekha. Mndandanda umodzi umatenga anthu 256, koma uthenga umangofika kwa amene anasunga nambala yanu, choncho wogula aliyense muzimupempha aisunge. Status imafufutika pakatha maola 24, iziikidwa m'mawa uliwonse. Kulowetsa anthu m'gulu osawapempha n'koopsa, akakudandaulani ambiri nambala imatsekedwa, makasitomala onse ali momwemo. Yatsaninso PIN ya manambala 6 yotetezera WhatsApp yanu, ndipo khodi yobwera pa SMS musapatse munthu ngakhale anene kuti ndi wa ku kampani.

Wofunsa:
Zikomo nonse, za bwalo lija zanditsegula maso. Nanga TikTok? Komanso munthu amene sindinamuonepo ndimutumizire bwanji katundu?

Yankho, Moatize:
TikTok imafikitsa vidiyo kwa anthu ambiri, koma simusankha komwe ali mukapanda kulipira. Ikani vidiyo yomweyo ya pa sikelo, musaitayire nthawi yambiri.

Pa katundu, wogula watsopano alipire kaye gawo, monga theka, ndi M-Pesa kapena e-Mola, zotsala katundu akafika asanatsitsidwe. Chithunzi cha uthenga wolipira musachikhulupirire, amachipanga pa foni. Uthenga wabodza kawirikawiri umachokeranso pa nambala ya munthu wamba, osati pa dzina la kampani. Lowani nokha muone balansi, ikakwera ndiye matumba akwere galimoto. Mujambule matumbawo ali m'galimoto ndi nambala yake, mutumizire wogulayo pamodzi ndi foni ya dalaivala.